Belu la Mankhwala a Kamano

Loweruka likubwerali andilanda mwana. Apongozi alongedza kale timadiresi take m'chikwama chawo, akuti ine ndine mayi wofuna kupha mwana ndi supuni, ndizipita kwathu chimanjamanja. Achimwene, werengani kalatayi musanakhale pansi.

Lachitatu, 9 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Mundikhululukire poyamba ndi zoopsa moni ndisanapereke, si mmene amayi anatilerera. Muli bwanji kugalajako, ndi alamu anga ndi ana? Ine kuno ndingoti ndikupuma. Tsiku ndalemba pamwambapo ndachita kufunsa kwa amake mapasa, a nyumba yogundana ndi yathu, chifukwa m'nyumba muno chilichonse chonena nthawi ndasiya kuchikhulupirira. Amuna awo amayendetsa lole yodutsa pamsewu wa galaja yanu, ndiwo ndawapatsira kalatayi. Ndawauza kuti afunse makaniko wamtali wa chipsera pachibwano, asapatse wina aliyense.

Mudabwa kuti bwanji osangoimba foni. Foni ndilibe, ndipo nambala yanu inali momwemo. Paja mutabwera kudzaona Kamano ali ndi timano tiwiri tokha, tija munamupatsira dzinali, munandifunsa pakhomo kuti, "Ukukhala bwino, mlongo wanga?" Ine ndinakuonetsani makatani ndi mbaula yamagetsi, n'kunena kuti bwino kwambiri. Pamenepo n'kuti alamu anu, bambo a Kamano, atatenga kale foni yanga, chifukwa tsiku lina munthu analakwitsa nambala ine n'kuseka pomuyankha. Anati mayi wapanyumba foni ndi yachiyani. Sindinakuuzeni chifukwa ndinkafuna kuti kwathu muzinena kuti mwana wathu anakwatiwa pabwino, ndi munthu wa makompyuta.

Kamano anayamba kugwa miyezi yapitayi. Amangouma mwadzidzidzi, maso n'kutembenuka, thupi lonse kunjenjemera. Kuchipatala dokotala analankhula ndi alamu anu m'Chingerezi, ine ndinangotolapo zimene nesi anandiuza potuluka, kuti mankhwala amadziwa ndi kasupuni kamodzi katatu pa tsiku, osaphonya, osawonjezera. Tili m'njira alamu anu anandiuza kuti matendawa asamveke kwa anthu oyandikana nawo, kwawo kulibe mtundu wa anthu akugwa, anthu angawaseke.

Ndinawapempha kuti andibwezere foni, kapena andigulire kawotchi kotchipa, popeza iwo amachoka Lolemba m'mawa kupita kuntchito kwawo kutali, n'kubwera Lachisanu madzulo. Anaseka.

"Wotchi ungaiwerenge iwe? Ndikupangira chinthu chosafuna mutu."

Anatenga kompyuta yawo yakale, yopinda ngati buku ija, n'kuiika pamwamba pa kabati ya mbale, pomwe mwana sangafikire. Anaikonza kuti nthawi ya mankhwala ikakwana izilira ngati belu, ndipo pagalasi pazibwera chithunzi cha supuni.

"Belu likalira, supuni. Likapanda kulira, botolo usalikhudze. Palibe choganiza apa, ndakuganizira kale."

Kunena zoona poyamba ndinasangalala. Belu loyamba linkalira wogulitsa buledi akamadutsa ndi njinga yake. Lachiwiri linkalira ana a sukulu ya kuseri kwathuku akamaweruka, phokoso lili tholo mumsewu. Lachitatu linkalira tikamakagona. Kamano anasiya kugwa, anazolowera mpaka akamva belu ankathamangira kwa ine kukamwa atayasamula ngati kamwana ka mbalame. Ndinkati m'mtima, ukwati ndi munthu wophunzira ndi umenewu.

Ndiye Lamlungu lina anakhala masana onse pa kompyutapo, akuti mnzawo wakuntchito, amene amamutchula kuti Kachipewa, wawapatsa pulogalamu yatsopano yoti kompyuta yokalambayi iziyenda mofulumira. Lolemba anapita. Tsiku lomwelo belu lachiwiri linalira ana asukulu akadali m'kalasi, ndikuwamva akuyankha aphunzitsi onse pamodzi. Ndinati mwina lero achedwa kuweruka. Mawa lake linalira ndisanayanike n'komwe zochapa za m'mawa. Pofika Lachinayi sindinkadziwanso kuti ili ndi belu liti, loyamba kapena lachitatu, limangolira ngati pali wina akulikoka. Pakona pagalasi pali timanambala tating'ono ta nthawi, koma timawerenga mpaka 17, 20, 23, ife kusukulu wotchi tinaphunzira yothera pa 12.

Lachisanu atabwera ndinawasiya adye kaye, asambe, kenako ndinati, "Bambo a Kamano, belu lija likulira msanga. Nesi anati katatu, koma dzulo lalira kasanu."

Iwo n'kuti atatsitsa kale kompyuta ija, ailumikiza ku intaneti ya foni yawo kuti aonere mpira, monga amachitira akangofika. Anandiitana ndi chala.

"Bwera kuno. Werenga apa. Tsopano werenga pafoni apa. Zasiyana?"

Manambala anali ofanana ndendende.

"Iwe wa sitandade sikisi ukufuna kuphunzitsa kompyuta nthawi? Umagona masana, ukadzuka n'kumasokoneza masiku. Ungoyerekeza kulumpha belu limodzi mwana n'kugwa, udzandidziwa bwino."

Loweruka ndi Lamlungu lonse belu linalira bwinobwino, katatu, pa nthawi yake, ine n'kukhala ngati wabodza. Chimene sindinkadziwa n'chakuti chinthucho chikangonunkhiza intaneti ya foni yawo chimadzikonza chokha nthawi, ngati wantchito waulesi akamva nsapato za bwana. Iwo akachoka ndi foni yawo, chimayambanso liwiro lake.

Achimwene, ndikudziwa funso lanu, chifukwa ndadzifunsa lomwelo mpaka mutu kuwawa. Bwanji unkamupatsabe? Ndinkaima pakabatipo, supuni m'dzanja, belu likulira, mwana wayasamula. Maso anga ankandiuza kuti mthunzi wa mpanda sunafike pomwe umafika. Koma m'makutu munali mawu a nesi akuti osaphonya, ndi mawu a alamu anu akuti udzandidziwa bwino. Munthu amene sanaonepo mwana wake akuuma m'manja, thovu kukamwa, asandiweruze msanga. Ndinkaganiza kuti mwina ndinedi wosokonezeka, popeza m'nyumba muno chiyambire sindinakhalepo wolondola pa kanthu kalikonse, ngakhale pa kathiridwe ka mchere. Kwa amake mapasa sindikanafunsa, chifukwa akanati nthawi ukuifuniranji, matenda obisidwa aja n'kuululika.

Sabata yachiwiriyo Kamano anayamba kuyenda ngati woledzera, kugundagunda mipando. Ankagona chakudya chili m'kamwa. Kanyimbo kake kaja ka pa wailesi anasiya kuimba. Lachinayi lapitali masana ndinamudzutsa, osadzuka. Ndinamutsina pachala, anangotsegula diso limodzi n'kutsekanso. Apo ndinaiwala za chinsinsi, ndinamenya khoma ndi chiwaya mpaka amake mapasa anabwera ali ndi sopo m'manja. Ndiwo anamubereka mpaka kuchipatala, ine ndikuwatsatira pambuyo.

Dokotala anayang'ana botolo pakuwala, linali litatsala pang'ono pansi, pomwe linayenera kukhala lisanafike n'komwe pakati.

"Amamwetsa mwanayu ndani?"

"Ine."

"Kangati pa tsiku, mayi?"

"Belu likalira."

Anayang'anana ndi nesi. Kuyang'anana kumeneko sindidzakuiwala. Sanandikalipire, anangoti Mulungu wandikonda, tikanachedwa pang'ono tikananena zina. Kamano anatuluka Loweruka, ali moyo, musadandaule za zimenezo. Koma pofika kunyumba tinapeza apongozi atafika kale ndi mlamu wanga wamkazi, mlongo wa alamu anu, mphunzitsi uja, atakhala pamipando ngati bwalo la milandu.

Ndinafotokoza zonse monga ndakulemberani pano. Apongozi anandisiya mpaka nditamaliza, kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Tatsitsa chinthucho tione."

Anatsitsa, foni yawo ili m'thumba la malaya, intaneti yoyatsa. Mlamu anayang'ana wotchi yake yapamkono, nayang'ana pagalasi, n'kuseka ndi mphuno.

"Ili bwinobwino, amayi. Mpaka mphindi."

"Makina sanama," anatero apongozi. "Amanama ndi munthu. Iwe mtsikana, nena zoona. Unkamumwetsa kwambiri kuti azigona, iwe uziyendayenda m'makomo mwa anthu mwamuna akachoka."

"Amayi, ndiyendere kuti? Ngakhale kumsika ndimapita ndi chilolezo."

"Ukundiyankha?"

"Tinanena ife," anatero mlamu, akuyang'ana zikhadabo zake, "kuti achimwene, maonekedwe okha salera mwana. Ndi izi."

Alamu anu ankangopukuta galasi la kompyuta ndi m'mphepete mwa malaya. Pamenepo mtima wanga unkawakhululukirabe, ndinkati nawonso sakudziwa, akukhulupirira zimene maso awo akuona.

Lamlungu masana ndinali kuseri, kuyanika zofunda za Kamano pa chingwe cha pansi pa zenera la kuchipinda. Iwo anali m'kati, akulankhula pafoni motsitsa mawu, sanadziwe kuti ndili pomwepo. Ndikulembereni mmene ndinamvera.

"Iwe Kachipewa, pulogalamu yako ija ndi yoola. Ndazimitsa intaneti m'mawa kuti ndione, pofika pano wotchi yathamanga kale kutsogolo. Eya, ikakhala yokha imawerenga nthawi mothamanga. Yakonso inatero? Ndiye osandiuza bwanji? Ayi, ali bwino, watuluka. Undisungire ina yabwino, Lachisanu ndikabwera ndidzafufuta zonse n'kuika yatsopano. Koma izi zithere pompano, wamva? Usauze munthu."

Ndinasiya zofunda zija pachingwe. Kenako ndinalowa, manja akadali onyowa. Ndinawapeza akupinda malaya a kuntchito m'chikwama.

"Bambo a Kamano, ndamva."

"Wamva chiyani?"

"Kuti belu linkaliradi msanga. Kuti sindine wamisala. Tiyeni mukawauze amayi, ali pakhonde pomwepa."

Anatseka chitseko ndi phazi. Sanakweze mawu, ndipo mwina akanakweza zikanandiwawa pang'ono.

"Ndikawauze kuti chiyani? Kuti ndine? Zimveke kwa dokotala, zimveke kuntchito, kuti munthu amene amakonza makompyuta a kampani yonse walephera wotchi ya m'nyumba mwake? Ukufuna tizidya chiyani?"

"Koma akundilanda mwana."

"Supuni inali m'manja mwa ndani? Mwanga? Dzuwa sunkaliona iwe? Ana asukulu sunkawamva? Mayi weniweni akanadziwa kuti apa pali cholakwika, akanasiya."

"Ndinakuuzani. Munati ndisaganize, mwandiganizira kale."

"Ndiye munthu akakuuza kuti usaganize umasiyadi kuganiza?"

Achimwene, mawu amenewo ndi amene akundidya mpaka pano, kuposa a apongozi. Pamene ndinkakhulupirira maso anga ndinali mbuli ya sitandade sikisi. Nditasiya kuwakhulupirira, ndine mayi wopanda nzeru. Ndimayenera kuima pati? Anamaliza ndi kunena kuti ndisakulitse nkhani, mwana akakhale kwa agogo ake, ine ndikapume kwathu, zikazizira tidzaona. Ananena zimenezi akusankha sokosi. Ine ndimawadziwa apongozi, chinthu chikalowa m'nyumba mwawo sichituluka, ngakhale beseni langa la pa ukwati likadali komweko.

Lolemba anapita kuntchito monga mwa masiku onse. Kompyuta anaizimitsa n'kuibwezera pakabati, nafunditsa kansalu. Anangoti, "Osaikhudza." Sanaibise chifukwa m'mutu mwawo ine sindingayerekeze. Zaka zonsezi sindinayerekezepo kanthu.

Tsiku lomwelo apongozi ndi mlamu anapita kumsika, Kamano ali kumsana kwa mlamu, popeza ine sandilolanso kutsala naye ndekha. Ndinakwera pampando, n'kutsitsa kompyuta ija pamodzi ndi chingwe chake cha magetsi. Pamalo pake ndinaikapo thireyi ya tiyi yozondotsa n'kufunditsa kansalu komweko, ukayang'ana uli pansi sungadziwe. Kompyutayo ndinaiika m'beseni, pamwamba zovala zakuda, n'kulowa nayo kwa amake mapasa ngati ndikukapempha sopo. Moyo wanga wonse sindinabepo ngakhale singano, koma tsiku limenelo ndinaba kompyuta.

Amake mapasa anaiyatsa n'kuiika patebulo, pansi penipeni pa wotchi yawo yapakhoma. Timanambala tija iwo amatiwerenga, anandiphunzitsa kuti ukadutsa 12 umangochotsapo 12, basi. Chinthu chimene alamu anu akanandiuza ndi mpweya umodzi. Poyamba ziwirizo zinkayendera limodzi. Titamaliza kusenda mbatata zawo, ya kompyuta inali itatsogola. Pofika madzulo inali itasiya ya pakhoma kutali, belu n'kulira, supuni ija n'kuonekera pagalasi, dzuwa likadali pamwamba pa denga la sukulu.

"Mlongo," anatero amake mapasa, manja ali m'chiuno, "chinthu chanuchi chikuthamangira kuti? Ngakhale amuna anga pa tsiku la malipiro sathamanga chonchi."

Ndinaseka, kenako kuseka kuja kunasanduka kulira, mpaka anandigwira pakamwa kuti zisamveke kuseri kwa khoma. Iwo akuti ali okonzeka kunena zimene aona pamaso pa aliyense. Koma apongozi amawatchula kale kuti mayi wa miseche wa pampopi, ndipo ine ndikangotulutsa kompyutayo ndekha, nkhani idzasanduka yakuti ndaba katundu wa mwamuna n'kumuwononga dala. Alamu anu adzayatsa intaneti ya foni yawo, nthawi n'kudzikonza, ine n'kukhala wabodza kachitatu. Pakufunika munthu wa kwathu, woti akalankhula asamudule pakamwa.

Chimene ndikupempha si chachikulu. Sindikuti mudzamenye munthu, ndikukudziwani mkono wanu, chonde muusiye kugalaja. Sindikupemphanso kuti mudzakonze banja, limenelo ndalisiya pa chingwe choyanikira paja. Mungobwera ndi wotchi yanu yapamkono ija. Mudzanene kuti mafoni onse a m'nyumba muno atuluke, akaikidwe m'beseni panja pa mpanda. Kenako kompyuta idzakhale patebulo, wotchi yanu pambali pake, tonse tikhale pansi, apongozi, mlamu, alamu anu, tiziyang'ana. Palibe adzafunike kulankhula. Ndikufuna ndidzaone nkhope ya alamu anu belu likamalira, amayi awo ali pomwepo. Akadzanenabe kuti supuni inali m'manja mwanga, ndidzavomera, inalidi m'manja mwanga, ndipo ndidzaisenza mpaka kumanda. Koma asandisenzetse ndekha, ndipo asanditengere mwana chifukwa cha bodza.

Pano mankhwala akumupatsa ndi mlamu, poyang'ana wotchi yake. Kamano wayambanso kuyenda mowongoka, dzulo waimbako pang'ono. Amagona ndi agogo ake pabedi langa, ine ndimayala kukhitchini pafupi ndi mbaula ija ndinakuonetsani monyadira. Sandilola kumudyetsa kapena kumusambitsa, akuti manja anga sakuwakhulupirira. Akandiitana, apongozi amamutembenuza nkhope n'kumupatsa bisiketi.

Lero m'mawa ndikukolopa pabalaza, belu lija linalira kwa amake mapasa. Analifunditsa bulangeti, koma khoma lathu ndi lopyapyala, linamveka pang'ono ngati kulira kwa kutali. Apongozi sanamve, makutu awo ndi olemera, mlamu anali kubafa. Koma Kamano anamva. Anatsika pamiyendo pa agogo ake, n'kuthamangira kwa ine, naima patsogolo panga atayasamula kakamwa kake, timanja kumbuyo, kudikira supuni. Ine amene ndinatsala pang'ono kumugoneka osadzukanso, akundiyasamulirabe. Ndinangomupukuta pachibwano ndi nsalu yanga. Apongozi anati, "Taonani, mpaka wamuphunzitsa mwana kupempha mankhwala ngati switi." Ndinapitiriza kukolopa.

Mwamva kuti alamu anu afika Lachisanu madzulo ndi pulogalamu yawo yatsopano. Akangofika adzakwera pakabatipo, adzavundukula kansalu n'kupeza thireyi. Zimene zidzachitike pamenepo sindikufuna kuzilemba. Akaipeza kompyutayo n'kufufuta, palibenso chimene chidzandiyankhulire, ndipo Loweruka m'mawa Kamano adzakwera basi ndi agogo ake.

Amayi musawauze kaye, mtima wawo uja sungapirire. Muwauze kuti ndili bwino ndipo mdzukulu wawo ali ndi mano odzaza m'kamwa tsopano, zimenezo si zabodza. Moni kwa alamu anga, muwapepesere kuti ndikuwalanda mwamuna pakati pa sabata. Moni kwa ana onse. Kwa abwana anu mudzanene kuti kwagwa zovuta kwa mlongo wanu, akakana musiye sipanala pansi mubwere basi, ntchito ya manja anu siisowa.

Bambo a mapasa aliza kale lole panja, sindiwerenganso zimene ndalemba, zolakwika mungozilumpha. Mukatsika basi musayambe kugogoda pathu, mugogode chitseko chobiriwira cha pambali, amake mapasa akudziwa nkhope yanu, ndawafotokozera za chipsera. Musadikire Loweruka, musadikirenso Lachisanu madzulo. Munandinyamula pamapewa ndili ngati Kamano, simunandigwetsepo. Kalatayi ikakupezani muli pansi pa galimoto, tulukani, musasambe n'komwe m'manja. Bwerani, achimwene. Bwerani lero.

Ndine mlongo wanu wotsiriza,
Make Kamano